Theka la Dikishonale ya Bambo

Bambo anga anadula dikishonale yawo pakati m'mawa wa tsiku limene ndinanyamuka kupita ku Halale. Katundu ndinali nditamanga kale. Amayi ankakulunga mbatata zootcha m'kansalu, mng'ono wanga Esnati atakhalira sutikesi kuti itsekeke. Bambo anatuluka ndi bukulo, lakuda lija limene munthu sankaligwira asanasambe m'manja. Analiika pabondo, natenga lumo limene ankasongolera mapensulo, n'kuyamba kudula ulusi wa kumsana kwake.

"A Phiri, mutu uli bwino koma?" anafunsa amayi. "Si buku lomwe lija munandikalipira nditaikapo chikho?"

"Lomwelo, Nabanda." Sanadzutse mutu mpaka bukulo litagawika pawiri. Kenaka anaitana ine. "Naphiri, landira ndi manja awiri. Kuyambira A mpaka L ndi kwako. Kuyambira M mpaka Z kutsala kuno ndi ine. Ukakumana ndi mawu a kwako, udzifufuzire wekha. Ukakumana ndi a kwanga, ulibe kuchitira mwina, ulembe kalata undifunse."

Esnati anaseka. "Mungonena kuti mukufuna makalata, bambo."

"Iwe khala bwino, sutikesi ingatseguke." Anatembenukiranso kwa ine, nkhope ili ya m'kalasi. "Ukamaliza theka lakoli ubwere. Ndidzakuyesa mayeso pakhonde pomwe pano. Ukadzakhoza ndidzakupatsa linali, ubwerere kusukulu."

Ndinagwada n'kulandira. Mawu amenewo ndinawalemba tsiku lomwelo patsamba loyamba la kope langa, m'basi, zilembo zikuvina chifukwa cha msewu. Kopelo lili apa pamene ndikulemba izi, pamodzi ndi anzake atatu amene ndinadzaza kumeneko.

Bambo anaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ya mishoni m'mapiri mwathu muja, pakati pa Dowa ndi Ntchisi, mpaka pamene panafunika mapepala amene iwo analibe. Anabwerera ku khasu ndi fodya, koma Chingerezi sanachisiye. Ankati ndicho chipata: ungakhoze masamu, ungakhoze zonse, ukalephera Chingerezi walephera mayeso onse. Ine ndinali nditamaliza Fomu 2 pamene matalala anagwa fodya ali pafupi kuthyoledwa. Munda wonse unasanduka nsanza, sukulu yanga n'kuthera pomwepo. Mayi Nachisale, mnzawo wa amayi kuyambira paubwana, anali atabwera kuchokera ku Halale kudzaona kumudzi. Iwo ndiwo anati kumene ankachapako kukufunika manja ena awiri. Akuluakulu anagwirizana kuti ndikagwire kwa kanthawi, fizi ikapezeka ndidzapitirize.

Za ulendo ndikukumbukira fumbi, khadi la chipani limene anatifunsa tisanakwere basi pa Mponela, ndi kuwoloka Zambezi basi ili pamwamba pa pantoni, ine nditakumbatira theka la buku ngati khanda.

Ntchito inali pa sukulu yogonera komweko ya ana aakazi a azungu. Ife tinali kuseri, kupitirira khitchini, m'chinyumba chochapira chimene makoma ake ankachucha nthunzi ngati thukuta. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi m'malayini a antchito. Ine anandipatsa nsimbi. Yunifolomu iliyonse inali ndi mapindo kuzungulira chiuno, ndipo pindo lililonse linkayenera kuima chilili ngati mpeni. Eni ake anali atsikana amsinkhu wanga. Belu lawo likalira, thupi langa linkadzidzimuka lokha kufuna kuthamangira m'kalasi, nsimbi ili m'manja.

Nkhope zawo sitinkazidziwa. Tinkadziwa manambala osokerera pakolala. Lamulo linali lakuti tisanaviike chovala tizipisa m'matumba: mipango ndi zina zabwino zinkapita m'chitini cha a matroni otiyang'anira, mapepala ankapita pamoto wa boila. Lolemba lina, m'thumba la nambala 47 ndinapezamo pepala lopinda kanayi. Munali mawu khumi a Chingerezi oti mwini wake aloweze sabata imeneyo. Ine ndinkadziwapo anayi okha. Ndinayang'ana moto, ndinayang'ana pepala, n'kulilowetsa m'duku.

"Ndakuona," anatero mayi Nachisale osatembenuka n'komwe. "Anzako amaba shuga, iwe ukuba mayeso a eni?"

"Si kuba, amayi. Amati tiziwotcha."

"Ndiye mutu wakowo ndiwo boila?"

Kuyambira pamenepo Lolemba linali tsiku langa la msika. Nambala 47 sindinamuonepo, koma ndinkamudziwa bwino: ankatafuna kolala, ankalemba mopendekera, ndipo sanaiwalepo kuiwala pepala lake m'thumba.

Ndinkaphunzira nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa ndowa yovundikira pakati pa nsalu za pabedi zoyanika, pomwe munthu sankaoneka. Tsamba limodzi la dikishonale linkanditengera masiku awiri. Ndinkalemba liwu, tanthauzo lake, kenaka chiganizo changachanga. Bambo anali ndi lamulo lakuti liwu sunalidziwe mpaka utalinena kwa munthu wamoyo katatu. Anthu amoyo amene ndinali nawo anali amayi ochapa aja.

"Amayi Nachisale, you are benevolent."

"Wati chiyani? Ukanditukwana m'Chizungu ndikubwezera m'Chishona, tione amene ayambe kulira."

"Ndati ndinu amtima wabwino, okonda kuthandiza anthu."

"Nanga osangotero bwanji? Kuzungulira phiri lonse njira ili pakhomo."

Anandipatsa dzina loti Mistresi. Ngakhale amayi a Chishona ankandiitana motero akafuna kuti ndiwawerengere khadi la kuchipatala kapena ndiwalembere kalata. Ankandiseka, koma mvula ikayamba nkhomaliro isanathe, mmodzi ankayamba wathamangira kope langa asanathamangire nsalu za azungu.

Mawu a kwa bambo ndinkawasonkhanitsa, akakwana asanu kapena asanu ndi limodzi n'kuwatumiza, pamodzi ndi kangachepe ka amayi. Yankho linkabwera patatha milungu itatu. Bambo sankakopera za m'buku ayi. Ankatsegula theka lawo, n'kuwerenga, n'kulitseka, n'kuyang'ana pabwalo.

"Meticulous," analemba, "ndi amayi ako akamasankha fodya: tsamba lililonse kulitembenuza kawiri, kulinunkhiza, kuliyang'ana padzuwa. Reluctant ndi ng'ombe yathu yakuda ija ikafika pa mlatho wa mitengo popita ku Bowe: ikudziwa kuti iwoloka, koma miyendo ikukana. Obstinate ndi amalume ako. Usawauze."

Amalume amene ankanenawo ndi mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba kwathu. Ndinaseka mpaka mayi Nachisale anati ndiwerenge mokweza, nawonso anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. M'envelopu momwemo bambo ankabwezamo kalata yanga ataikonza ndi pensulo yofiira, pansi atalemba malikisi. Ankatsiriza chimodzimodzi nthawi zonse: "Ine bambo wako, wosunga theka linali." Ndikawerenga makalata amenewo ndinkamva fungo la chigafa, ndinkaona nkhungu ikutsika m'phiri la Ntchisi. Chingerezi changa chonse cha M mpaka Z chinali ndi nkhope za kwathu.

Tsiku lina ndinapsereza bulauzi. Ndinali ndikubwereza mawu mumtima, nsimbi n'kugona pamalo amodzi. A matroni, mzungu wamtali woyenda ndi makiyi m'chiuno, anamva fungo ali pakhomo. Pamene ndinawerama kupepesa, mapepala atatu anapulumuka m'duku n'kugwera pamapazi awo.

A matroni anatola limodzi. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndinkadziwa zimene ndinabisazo. Ndinati inde. Analoza liwu: diligent. Ndinaimirira bwinobwino, manja kumbuyo monga kusukulu, n'kuyankha kuti ndi munthu wolimbikira ntchito mosamala, wosatopa nayo, ndipo ndinapereka chiganizo. Analoza lina, ndinayankha. Analoza lachitatu. Ndinkamva kukoma, osati mantha. Panali patatha chaka ndi theka chiyimirireni pamaso pa munthu kuyankha funso.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati n'zachisoni, koma lamulo ndi lamulo, ndipo nsimbi sifuna mawu. Anatsegula chitseko cha boila ndi phazi n'kuponyamo mapepala onse atatu.

Sindinalire pomwepo. Ndinakalirira pakati pa nsalu zoyanika. Lolemba lotsatira mayi Nachisale anandikankha pa mulu wa zovala. "Choka apa, matumba ndizipisa ndine. Duku la nkhalamba palibe angalivule." Masana ndinapeza pepala la nambala 47 m'chitini cha sitachi, ufa wolimbitsira zovala, litayera mbuu ngati mwana wa chinamwali.

Chaka chachiwiri, nthawi yozizira, kalata inabwera ndi zilembo za Esnati. Pamwamba panali mawu a bambo: "Dzanja likunjenjemera pang'ono, ndiye ndalemba Esnati ntchito ya ukalaliki. Malipiro ake ndi nzimbe." Ndinaseka. Zitsanzo zinali zawo ndithu, kungoti zinafupika, ndipo kalata yanga inabwerera yopanda chofiira chilichonse. Ndinalemba m'kope kuti mwina ndasiya kulakwitsa. Ndimachita manyazi ndikawerenga mzere umenewo.

Sukulu inkatseka nthawi yaitali kamodzi pachaka, pa Khirisimasi. Imeneyo ndiyo nthawi yokha imene munthu akanapita kwawo n'kudzapeza malo ake alipo. Chaka choyamba sindinapite, ndipo kumudzi anali atavomereza. Chachiwiri, Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, mayi Nachisale anandikhazika pa sitepe ya chipinda chathu.

"Mwanawe, pita kwanu."

"Ndili pakati pa H, amayi. Kwatsala pang'ono."

"Ine za ma H sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwamuna amene anagwira choko zaka zonse zija sangapatse mwana pensulo chifukwa cha kunjenjemera pang'ono."

"Anati ndikamaliza. Ndikaima bwanji pakhonde ndi ntchito yosatha? Akandifunsa mawu a L ndidzati chiyani?"

"Udzati, bambo ndabwera. Amenewo mulibe m'buku lakolo?"

Ndinakwiya. Ndinati iwo sankawadziwa bambo anga, munthu amene ankabweza mwana kunyumba chifukwa cha chiganizo chopanda mpumiro. Mayi Nachisale anangopukusa mutu.

"Kutchona sikuyamba ndi kuiwala kwanu, Mistresi. Kumayamba ndi ndimalize kaye."

Ndinatsala. Tinachapa makatani ndi mabulangete m'sukulu yopanda anthu. Tsiku lina, ndikupachika makatani m'kalasi, ndinakhala pa desiki kamphindi, manja pamwamba, kuyang'ana bolodi lopukuta. Ndinadziuza kuti Khirisimasi ina ndidzakhala pa desiki langalanga. H ndinamumaliza sabata imeneyo.

Mvula ili mkati, makalata anasiya. Milungu isanu ndi umodzi inadutsa. Pamene envelopu inabwera, munali pepala limodzi: mawu amene ndinafunsa, ndi matanthauzo ake okopera m'buku liwu ndi liwu. Munalibe moni. Munalibe ng'ombe yakuda, munalibe amalume. Pansi panalibe dzina. Ndinatembenuza kuseri, kunali mbee.

Ndinaganiza chimene mwana wasukulu angaganize: aphunzitsi akwiya. Ndachedwa. Zaka ziwiri zatha ndikadali pa I. Ndinalemba kuti, "Okondedwa bambo, ngati ndakukhumudwitsani ndi ulesi wanga mundikhululukire, ndifulumira." Ndinayamba kutha tsamba lathunthu patsiku. Ndinasiya kukacheza Lamlungu masana, nkhomaliro ndinkaidya nditaimirira. Yankho linabwera lofanana ndi loyamba. Linanso chimodzimodzi. Mayi Nachisale, amene sankawerenga, analigwira pepala lina nthawi yaitali, kulipenda ngati nsalu yokayikitsa pamsika.

"Kalata yopanda moni," anatero, "sinachoke m'nyumba ya mtendere. Ntchito ndi ntchito, mwanawe. Isiye."

"Ndili pa K, amayi. K ndi wamfupi."

Anandibwezera pepalalo n'kubwerera ku zovala.

Pepala lomaliza linabwera mphepo ya Ogasiti ikuwomba. Pakona, ndi tizilembo tating'ono ta pensulo, Esnati anali atalemba mzere umodzi wa iye mwini: "Akulu, theka lanu silinathebe?"

Ndinamaliza L dzuwa litayamba kutentha. Tsamba lomaliza linali ndi zipsera za lumo la bambo m'mbali. Sindinadikire Khirisimasi. Ndinauza a matroni kuti ndikusiya ntchito, iwo anati malo sadzandidikira, ine ndinati zikomo. Ndinagulira amayi nsalu, Esnati nsapato, bambo jekete ndi bokosi la mapensulo ofiira. Mayi Nachisale anandiperekeza kokwerera basi. Anandikulungira buledi, nandipatsa pepala la nambala 47 la sabata imeneyo, likununkha sitachi.

"Ukawauze a Phiri kuti Nachisale ndi bene... chija."

"Benevolent."

"Chomwecho. Pita."

Njira yonse ndinkabwereza moni amene ndinakonza: ziganizo zitatu za Chingerezi, muli mawu asanu ndi awiri a m'theka langa. Ndinkabwereza pa Mwanza ndikumanga chitenje pamwamba pa diresi, ndinkabwereza pa Mponela ndikukwera lole ya ku Ntchisi. Ndinatsika pamphambano yathu dzuwa lili pamutu, sutikesi pamutu, n'kuyamba kukwera chitunda.

Kudimba kunali amayi atatu akuthirira. Ndinawakuwira moni. Anaweramuka, anandizindikira, anayang'anizana. Palibe anayankha. Mmodzi anaika chitini pansi, anabwera, nanditula sutikesi n'kuisenza yekha. Awiri enawo anasiya makasu m'mizere n'kutitsatira. Kwathu mlendo wochokera kutali amalandiridwa ndi nthungululu. Ine ndinkangomva mapazi pambuyo panga. Titayandikira nkhokwe zoyamba, wina kumbuyoko anayamba kulira, chapansipansi, kulira kwa maliro.

Ndinayang'ana pakhonde pathu. Mpando wa bambo panalibe. Unali utapachikidwa kudenga, miyendo m'mwamba. Amayi anatuluka atavala duku lakuda.

Ziganizo zitatu zija sindikuzikumbukanso. Ndayesa. M'kope sindinazilembe, poti ndinkati zili m'mutu.

Bambo anali atamwalira chimanga chikumasula. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu.

M'mawa mwake amalume anabwera, anakhala pa mwala pafupi ndi nkhokwe, chipewa chili pabondo. Amayi anakhala poteropo. Ine ndinakhala pansi.

"Mwana wanga," anayamba, "uthenga tinatumiza. Usayese kuti tinakutaya."

"Sunandipeze, amalume."

"Tikudziwa. Tinatuma mwamuna wina wa ku Bowe amene ankapita komweko. Tinamuuza kuti akayambe wapeza Nachisale, kuti Nachisaleyo akukhazike pansi, akugwire, ndiyeno akuuze. Patapita miyezi tinamva kuti munthuyo anapeza ntchito pa famu ya fodya m'njira, m'tauni sanafikemo. Tinafunafuna wina. Koma masiku ano, ndi nkhondo ya m'njirayi, opita ndi ochepa."

"Amalume, kalata sitenga ngakhale milungu iwiri!"

Ndinali ndisanakwezepo mawu kwa iwo chibadwire. Amayi anati, "Iwe!" Koma amalume anakweza dzanja.

"Msiyeni. Ine ndinati mwana wamkazi ali yekha pakati pa alendo, atsegule pepala, apezemo bambo wake atafa? Agwe pansi, amutole ndani? Maliro sitiponyera munthu ngati mwala. Amafuna pakamwa, amafuna wokhala naye pafupi. Ndimo tinapezera." Anatembenuza chipewa. "Mlamu akanakhalapo akanati ndine wouma mutu. Ankatero ndithu, m'Chizungu, akuyesa sindikumva."

Ndinafuna kudana nawo. Sizinatheke. Maso awo anali ofiira kuposa anga.

Esnati ankandizemba masiku awiri. Anali atatalika, ali mu Sitandade 8. Tsiku lachitatu ndinamupeza kumtsinje akuchapa. Ndinatenga chovala china n'kuyamba kuchapa pambali pake, poti ndiyo ntchito imene manja anga ankadziwa.

"Bwanji sunandiuze?"

Anapitiriza kumenya nsalu pamwala. Kenaka anaima.

"Ndikanalemba chiyani, akulu? Makalata anu ankabwera, okondedwa bambo, okondedwa bambo. Wowerenga ndinali ine ndekha. Ndikauza amayi, amayi akauza amalume, amalume ati dikirani, tipeza munthu. Zoona zake anandiletsa kuzilemba. Dzina la bambo sindikanalemba, likanakhala bodza. Ndiye ndinkangotsegula buku n'kukopera. Ndinkati mukaona kuti mulibe moni mudziwa."

"Ndinkayesa akwiya."

"Ija munapepesa ulesi ija ndinakaiwerengera kuseri kwa khola. Sindinadye tsiku limenelo."

Madzi ankangodutsa. Ndinafunsa chimene ndinkachiopa.

"Pa Khirisimasi anali bwanji?"

"Ankayankhula. Ankakhala pakhonde." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Za matenda anatiletsa okha. Ankati mwana ali pa H, musamusokoneze. Koma lole ikamveka kumphambano ankati, Esnati, tandikonzere kolala. Tsiku lililonse, mpaka chaka chinatha. Kenaka anati, ndinalakwa kaphunzitsidwe. Ndinkafuna afulumire kubwera, ndiye ndinamupatsa ngati lamulo. Mwana uja amamvera kwambiri."

Ndinakhala m'madzi momwemo, ndi zovala zomwe.

Kumanda anandiperekeza amalume. Za kumeneko sindilemba.

Patatha sabata, amayi anatsitsa mpando uja kudenga, anaupukuta, nauika pamalo pake. Sanakhalepo munthu. Anaitana tonse awiri.

"Mayeso aja," anatero. "Eni ake anati pakhonde pano. Esnati, tenga buku la mkulu wako."

"Amayi, n'zantchito yanji tsopano?"

"Zaka zitatu ndakhala wopanda mwana chifukwa cha buku limeneli. Ndimve."

Esnati anakhala pansi pafupi ndi mpando, theka langa lili pamiyendo. Ine ndinaimirira, manja kumbuyo. Ankatsegula paliponse n'kutchula liwu, ine n'kupereka tanthauzo ndi chiganizo. Anayamba ku A, analumphira ku F, anabwerera ku C, anafika ku L. Mawu ankatuluka okha, misozi ikutsika, ine osaipukuta. Amayi, amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi, ankamvetsera ngati ulaliki. Dzuwa litafika pa nkhokwe, Esnati anatseka buku.

"Wakhoza?" anafunsa amayi.

"Akhoza, amayi. Onse."

Amayi analowa m'nyumba, anasamba m'manja, natuluka ndi theka linalo litakulungidwa m'nsalu ya tebulo. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri.

Nditatsegula ndinaona pensulo m'mphepete mwa masamba. Zilembo zinali zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma zinali zawo. Esnati anati miyezi yonse ya matenda, bambo ankasankha mawu amene ndinali ndisanafunse n'kulemba chitsanzo pambali. Makalata ankalola kuti awalembere, koma izi ankakana. Mzere umodzi unkawatengera m'mawa wonse. Anayambira pa M. Esnati anati pensulo imathera penapake koyambirira kwa S. Ndinamupempha kuti asandiuze liwu lake, ndipo sindinasuzumireko.

Tsopano ndimathandiza amayi kumunda, ndipo masiku atatu pasabata ndimayenda kupita ku Boma kumene aphunzitsi ena amathandiza ife ofuna kulemba mayeso tili panja pa sukulu. Ndidzalemba, ndipo ndikukhulupirira kuti ndidzakhoza. Zimene ndimalemba amandikonzera ndi Esnati, ndi mapensulo ofiira aja. Ndi wouma dzanja kuposa bambo. Jekete tinapatsa amalume. Amalivala Lamlungu lililonse, ngakhale dzuwa litentha chotani.

Amayi anati asoke matheka awiriwa ndi ulusi wa matumba. Ndinati adikire kaye.

Ku Halale ndinkatha tsamba lathunthu patsiku. Kuno ndimatenga liwu limodzi lokha la pensulo, m'mawa ndisananyamule khasu, n'kulinena kwa anthu amoyo katatu. La lero linali punctual. Pambali pake analemba kuti: "Tambala wa amayi ako. Osati lole ya ku Ntchisi."

Ndinaliwerengera amayi m'Chichewa, anaseka, kenaka analowa m'nyumba. Esnati akuti pa liwiro limeneli mayeso adzandipeza ndisanafike ku Z, ndifulumire. Ndamumva. Ndili pa P, ndipo S sali kutali.